Kunenerera mtengo wa intaneti ndi kanema: zomwe zimatheka ku Chigwa cha Shire

Ife a ku Chigwa cha Shire kunenerera timakudziwa. Palibe amene amagula mbuzi pa msika wa Ngabu kapena nsomba pa Bangula pa mtengo woyamba umene wogulitsa watchula. Koma ikafika nkhani ya bandulo ya intaneti kapena ndalama ya dikoda, timangotulutsa foni n'kulipira mwakachetechete, kudandaula pambuyo.

Chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ziwirizi zakhala zikulimbirana malo ndi ufa, sopo ndi fizi. Kwa ife ophunzira, intaneti si yongochezera ayi. Tikapita kumudzi ku Chikwawa kapena ku Nsanje pa holide, ndi imene timaonera zotsatira za mayeso, kulembetsera maphunziro a teremu yotsatira ndi kulandirira manotsi. Bandulo ikatha pakati pa mwezi, maphunziro ndiwo amaima.

Nanga ndalama imeneyi ingatsike? Mtengo umene kampani yalemba pa mndandanda wake munthu mmodzi sangausinthe, koma ndalama imene imatuluka m'thumba mwathu mwezi ndi mwezi ikhoza kutsika. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene wazisiyanitsa sataya nthawi kukangana ndi munthu wolakwika.

Mtengo amakhazikitsa ndani?

Ku America ndi ku Britain anthu ambiri amasainirana ndi kampani mgwirizano wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mgwirizano ukamatha, kasitomala amaimba foni n'kunena kuti akuchoka, ndipo kampani imamupatsa mtengo wotsika kuti asapite. Malangizo ambiri amene timawerenga pa intaneti analembedwera anthu amenewo. Kuno kwathu ambirife timalipiriratu: timagula bandulo ya Airtel kapena TNM, kapena kulipira mwezi umodzi wa DStv, GOtv, Azam kapena Zuku kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Palibe mgwirizano wautali woti tiopseze kuuthetsa.

Chinanso, lamulo loona za mauthenga la 2016 limafuna kuti makampani amene ali ndi chiphaso m'dziko muno ayambe apereka mitengo yawo ku bungwe la MACRA kuti liivomereze. Nkhani ya DStv ya 2023 inaonetsa poyera kuti mtengo umachokera kutali. Mu Januwale chaka chimenecho MACRA inalipiritsa MultiChoice Malawi chindapusa cha K10 miliyoni chifukwa chokweza mitengo popanda chilolezo. Mkangano unakula, unafika ku khoti, ndipo mu Ogasiti kampani ya MultiChoice Africa Holdings inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi. Inabwereranso mu Disembala, khoti lalikulu litapereka chigamulo. Pa mlanduwo MultiChoice Malawi inkanena kuti siyo imakhazikitsa mitengo ya DStv, imangotolera ndalama. Tsono ngati ofesi ya m'dziko muno ikunena choncho, ejenti wa pa Nchalo kapena pa Dyeratu angatsitse chiyani? Iye amangodya kakomishoni. Kumukalipira n'kutaya mawu.

Ndi bwinonso kudziwa chimene chimakweza mtengowo. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, choncho intaneti imafika kuno kudzera m'mayiko oyandikana nafo monga Tanzania ndi Mozambique, kumene kumatulukira nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Zipangizo za nsanja za netiweki, komanso ufulu woonetsa mpira wakunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, n'chifukwa chake kwacha ikagwa mitengo imatsatira. Pamwamba pake pali misonkho: wa VAT, ndi wina wa 10 peresenti umene boma linaika pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti mu 2015. Zonsezi sizili m'manja mwa munthu woyankha foni ku kampani. Zimene zili m'manja mwake, ndi m'manja mwathu, ndi zina, ndipo n'zimene tikambirane tsopano.

Tiyambe tadziwa chimene tikugula

Wonenerera wabwino amafika pamsika akudziwa kale mtengo wa katundu. Ifenso, tisanalankhule ndi kampani, titenge kope n'kulemba zonse za mwezi umodzi: bandulo iliyonse imene tagula, kukula kwake, mtengo wake ndi tsiku limene yatha. Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba amasunga zonsezi. Ambiri amadabwa akaphatikiza, chifukwa ndalama yotuluka pang'onopang'ono sioneka.

Kenako tigawe mtengo ndi kukula kwa bandulo kuti tipeze mtengo wa gigabaiti imodzi. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Wina amagula bandulo ya tsiku ya 200MB pa K600. Pa masiku 30 wawononga K18,000 ndipo wapeza 6GB, kutanthauza K3,000 pa gigabaiti. Mnzake wagula ya mwezi ya 10GB pa K15,000, ndiye kuti K1,500 pa gigabaiti. Woyambayo amadziona ngati wosamala ndalama, chonsecho akulipira kawiri mtengo wa mnzake. Komabe tichenjere: bandulo ya mwezi ikatha m'masiku khumi chifukwa cha TikTok, phindu lonse lapita.

Mafoni ambiri amaonetsa pulogalamu imene ikudya intaneti kwambiri. Kawirikawiri ndi mavidiyo. Filimu ya ola limodzi yooneka bwino kwambiri imatha kudya mpaka 3GB, pomwe buku lonse la PDF nthawi zambiri silifika ndi 20MB yomwe. Kuletsa WhatsApp kuti isamatsitse yokha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu, kuletsa Facebook kuti isamayambitse yokha mavidiyo, ndi kutsitsa mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi pa YouTube, kumatsitsa ndalama popanda kupempha munthu aliyense. Tionetsetsenso kuti bandulo ikatha foni isayambe kudya mayunitsi, pakuti mtengo wa kunja kwa bandulo ndiwo wokwera koposa.

Za kanema: kutsika pakeji si manyazi

DStv ili ndi mapakeji osiyanasiyana, monga Premium, Compact Plus, Compact, Family ndi Access. Makampani enawo nawonso ali ndi masitepe awo. Funso loti banja lidzifunse ndi losavuta: sabata yathayi tinaonera matchanelo angati? Tilembe mayina ake, kenako tione pakeji yotsikitsitsa imene ili ndi matchanelowo. M'nyumba zambiri mumapezeka kuti amaonera nkhani, katuni wa ana ndi tchanelo chimodzi cha mafilimu, koma akulipira pakeji yapamwamba chifukwa cha mpira wa Loweruka ndi Lamlungu.

Mpirawo uli ndi nyengo yake. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Wolipira pakeji ya mpira mu Juni ndi Julayi, chaka chopanda mpikisano wina waukulu, akulipirira bwalo lopanda osewera. Ndalama za ku chigwa nazo zili ndi nyengo. Alimi a thonje amagwira ndalama akagulitsa, ogwira ntchito yodula nzimbe ku Nchalo amalandira pa nyengo yodula, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa kwa aliyense. Popeza timalipira mwezi ndi mwezi, tili ndi ufulu wokwera ndi kutsika motsatira thumba, ngakhale kupumira kumene mwezi umodzi kapena iwiri. Chofunika n'kupempha kusintha pakeji tsiku lolipira lisanafike, n'kudikira uthenga wotsimikiza tisanatumize ndalama. Kungotumiza ndalama yochepa osasintha pakeji kumasiya dikoda ili yotseka.

Makampani sakonda dikoda yogona, ndipo nthawi ndi nthawi amachita mapulomoshoni okopa amene anasiya kulipira kapena okweza munthu pakeji kwa mwezi. Sikuti amauza aliyense. Safunsa anadya phula: tiziimba n'kufunsa ngati pali pulomoshoni imene nambala ya dikoda yathu ikuyenera.

Tisanasamukire ku kampani ina, tiwerengere zonse. Dikoda yatsopano, dishi, waya ndi malipiro a woimika zikhoza kudya zonse zimene tikanapulumutsa m'miyezi ingapo. Komanso GOtv ndi Kiliye Kiliye zimagwira ndi eriyo, ndipo zimadalira kuti dera lili pafupi bwanji ndi nsanja youlutsira. Chimene chikuoneka bwino ku Blantyre, pamwamba pa mapiri, sichingaoneke chimodzimodzi ku Makhanga kapena ku Chapananga. Tiyambe taona kwa mnansi amene ali nacho kale.

Pamene kunenerera kwenikweni kumatheka

Pali gulu lina la makasitomala limene kampani imakhala nalo pansi: sukulu, chipatala, ofesi ya mpingo, kopaletivi ya alimi, malo ogona alendo ndi mabizinesi amene amalipira intaneti ya mwezi ndi mwezi pa mgwirizano. Amenewa mtengo wawo umadalira liwiro la intaneti, kutalika kwa mgwirizano ndi kuchuluka kwa malo olumikizidwa, choncho mpata wokambirana ulipo. Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzakhala alembi, osunga chuma kapena oyang'anira m'malo oterewa, ndipo ena mwa owerenga ali kale m'makomiti.

Komiti isanasaine kapena kuwonjezera mgwirizano, ipemphe mitengo yolembedwa kuchokera ku makampani osachepera atatu. Masiku ano osankha alipo: Airtel, TNM, MTL ndi ena, kuphatikizapo Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo imalandira intaneti kuchokera mumlengalenga popanda kudalira nsanja ya pafupi. Starlink imafuna ndalama yambiri yogulira zipangizo poyamba, ndi magetsi odalirika kapena sola, koma kungokhalapo kwake kumapatsa mphamvu wonenerera wa kumudzi amene kale analibe kolowera.

Kampani ikakana kutsitsa mtengo, pali zina zopempha zimene zili ndalama ndithu: kuchotsa malipiro oimikira zipangizo, kupereka rauta mwaulere, kuwonjezera liwiro pa mtengo womwewo, kuimitsa malipiro pa miyezi ya holide pamene sukulu ili yotseka, kapena kulonjeza kuti mtengo susintha kwa chaka chathunthu. Tionetsetse kuti mtengo walembedwa m'makwacha, osati m'madola. Ndipo tiwerenge ndime yonena za kuthetsa mgwirizano, chifukwa mtengo wotsika womangirira zaka zitatu ukhoza kudzakhala goli.

Anthu wamba nawonso akhoza kulowa m'gulu limeneli pophatikizana. Ophunzira asanu a nyumba imodzi, kapena mabanja a aphunzitsi oyandikana, akasonkherana n'kugula rauta imodzi ndi bandulo yaikulu, aliyense amalipira zochepa kusiyana ndi kugula payekhapayekha. Agwirizane poyambirira za tsiku losonkha, wosunga nambala yachinsinsi ndi malire a mavidiyo, kuti intaneti isadanitse anthu. Afunsenso tanthauzo la mawu akuti bandulo yopanda malire, pakuti zambiri zotere zimachepetsedwa liwiro munthu akafika mlingo wina. Kusonkherana n'kosiyana ndi kugulitsa intaneti kwa anthu apanjira, kumene kumafuna chilolezo.

Polankhula ndi kampani

Woyankha foni ndi munthu wolembedwa ntchito ngati ife, ndipo amathandiza msanga munthu waulemu amene akudziwa chimene akufuna. Tikonzeretu nambala ya dikoda kapena ya akaunti, tsiku limene tinalipira komaliza, ndi mtengo wa kampani ina umene taufufuza. Mawu ake akhoza kukhala otere:

"Mwaswera bwanji, achimwene? Ndine kasitomala wanu wa ku Ngabu, ndakhala nanu zaka zitatu. Ndalama imene ndikulipira pano yandikulira, ndipo ndapeza kwina kotsikirapo. Ine kuchoka sindikufuna. Mungandithandize bwanji kuti ndikhalebe nanu?"

Tikatero tikhale chete, timulole ayankhe. Akatchula pulomoshoni, tifunse mafunso atatu: itha liti, ikatha tidzalipira zingati, ndipo kodi idzadziwonjezera yokha n'kumadula ndalama? Akanena kuti palibe chimene angachite, tipemphe mwaulemu kulankhula ndi owayang'anira. Pomaliza tilembe tsiku, nthawi ndi nambala ya dandaulo, ndipo tipemphe kuti zimene tagwirizana zibwere pa uthenga wa pafoni kapena pa kalata. Lonjezo la pakamwa silikhala umboni.

Chinthu chimodzi tisachite: kunama. Tisatchule mtengo wa kampani ina umene kulibe, chifukwa iwo amadziwa mitengo ya anzawo kuposa ife. Ndipo tisanene kuti tichoka ngati kwathu kumagwira netiweki imodzi yokha. M'madera ena a ku East Bank ndi kufupi ndi malire a Marka, funso loyamba si mtengo koma ngati netiweki ikugwira n'komwe. Bandulo yotchipa ya kampani imene sigwira pakhomo pathu ndiyo yodula kuposa zonse. Tiyese simu khadi ya kampani inayo kwa sabata imodzi, m'nyumba momwemo, usana ndi usiku, tisanasankhe. A m'malire asamalenso kuti foni isalumphire yokha pa netiweki ya ku Mozambique, chifukwa ikatero imalipiritsa ngati tili kunja kwa dziko. Kusankha netiweki pamanja m'malo molola foni kusankha yokha kumathetsa vutoli.

Tikalipira koma osalandira

Chigwa chathu chimadziwa madzi osefukira. Tinawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndiponso mu Malichi 2023 pa nthawi ya Freddy. Magetsi akazima nthawi yaitali ndipo misewu ikaduka, mafuta a majenereta a nsanja amavuta kufika, netiweki n'kusowa. Koma masiku a bandulo ndi a dikoda amangowerengedwabe.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Ngati dikoda sinayake chifukwa m'nyumba mwathu munalibe magetsi, kampani ya kanema inaulutsa ndithu, ndipo n'kovuta kuipempha kubweza. Nzeru ndi yoti m'miyezi ya mvula yamphamvu tisalipiriretu miyezi yambiri, ndipo tizigula mabandulo a sabata m'malo mwa a mwezi pamene a zanyengo achenjeza za namondwe. Koma ngati vuto linali la kampani, monga nsanja yosagwira masiku angapo, bandulo yodulidwa ndalama koma osafika, kapena dikoda yosatsegulidwa titalipira, tili ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti atibwezere masiku kapena ndalama. Tilembe masiku amene vutolo linachitika, tisunge mauthenga ndi zithunzi za pafoni. A mabungwe aumirire kuti mgwirizano wawo ukhale ndi ndime yochotsera malipiro a masiku amene intaneti inasowa.

Njira yodandaulira imayambira ku kampani komweko. Ikalephera kuthandiza, dandaulo limapita ku MACRA, pamodzi ndi nambala ija tinalemba. Palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, loona kuti malonda akuchitika mwachilungamo, ndi la Consumers Association of Malawi, lolankhulira ogula. Kudandaula sikupita pachabe nthawi zonse. Mu Seputembala 2021 bungwe loona za malonda lija linalamula Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, ngakhale kampaniyo inatsutsa chigamulocho.

Mtengo wolembedwa umasunthika ndi anthu ambiri

Tanena kuti munthu mmodzi sangasinthe mtengo wa pa mndandanda. Anthu ambiri anausinthapo. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo maphunziro ambiri atasamukira pa intaneti, Amalawi, makamaka achinyamata, anadandaula kwambiri pa masamba a mchezo pansi pa mfuwu wa Data Must Fall. Nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawiyo, a Gospel Kazako, pamodzi ndi MACRA anakambirana ndi makampani, ndipo Airtel ndi TNM anatsitsa mtengo wa intaneti ya kunja kwa bandulo chaka chomwecho. Mu 2021 mitengo ya mabandulo ena inatsikanso.

Phunziro lake likukhudza chigwa chathu mwachindunji. Kalata imodzi yosainidwa ndi mfumu, komiti ya chitukuko ya dera, mphunzitsi wamkulu ndi a zaumoyo, yofotokoza mudzi, masiku ndi vuto lenileni la netiweki, imalemera kuposa madandaulo zana a pa WhatsApp. Lamulo la 2016 lija linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund, loti lizithandiza kufikitsa mauthenga kumadera kumene makampani saonako phindu. Madera amene amalemba ndi kukumbutsa ndi amene amakumbukiridwa. Mawailesi a m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka ndi malo ena oyankhulirapo. Ife ophunzira, amene timatha kulemba kalata ndi kuwerengera manambala, tingathandize makolo athu pa ntchito imeneyi tikakhala pa holide.

Njira zachidule zimene zimadula

Pofuna kupulumutsa ndalama, ena amagwa m'manja mwa akuba. Wina amaimba foni n'kunena kuti ndi wa ku kampani, ali ndi bandulo ya theka la mtengo, tingomuuza nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Kampani yeniyeni sifunsa nambala imeneyo. Ena amagulitsa madikoda olembetsedwa kunja kwa dziko kapena otsegulidwa mwachinyengo. Tsiku limene adzatsekedwe palibe kokadandaula, chifukwa m'mabuku a kampani ya kuno mulibe dzina lathu. A mavidiyo sho ndi malo odyera adziwenso kuti kuonetsa gulu la anthu kuli ndi pakeji yakeyake ya bizinesi, yosiyana ndi ya panyumba, ndipo ndi bwino kukambirana mtengo wa imeneyo kusiyana ndi kudzatsekeredwa pakati pa mpira anthu atalipira kale pakhomo.

Mwezi uno usanathe, banja lililonse kapena chipinda chilichonse cha ku hositelo chikhoza kuchita zinthu zitatu: kuphatikiza ndalama zonse za intaneti ndi kanema za masiku 30 apitawa, kufufuza mtengo wa kampani ina imene ikugwiradi kwathu, ndi kuimba foni imodzi tsiku lolipira lisanakwane. Mwina kampani sitsitsa kalikonse. Ngakhale zitatero, tidzakhala tadziwa pakeji imene tikuifunadi ndi imene timangoilipira mwachizolowezi, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndi ndalama imene ingagule buku, kulipira thiransipoti yobwerera kusukulu, kapena kuwonjezera pa fizi ya mng'ono wathu.